M'bale akamayambana ndi aliyense: kwa ankhoswe, kwa abusa, kwa sing'anga kapena kuchipatala?

Kuno kum'mawa kwa Zambia, munthu akavula zovala pamsewu n'kumalankhula yekha, abale sachita kufunsana kopita naye. Amamugwira, kupeza galimoto, ulendo wa ku Chipata Central Hospital. Amene amatizunguza mutu ndi ena aja: amasamba, amagulitsa pamsika, Lamulungu ali kutchalitchi, koma paliponse pamene afika pamabuka mkangano, kapena amangodzipatula mpaka a pakhomo kuiwala mawu awo. Timawatcha ovuta, a mtima wapachala, amwano, olodzedwa. Tikatopa nawo timayamba kuyenda nawo, poyamba kwa ankhoswe, kenako kwa abusa, kwa asing'anga, kuchipatala n'kukafika mbuzi zitatha m'khola. Timatsata njira imene ili pafupi ndi khomo, osayamba tafunsa kuti vuto la munthu ameneyu likufuna ndani.

Njira zonsezi ndiziyeza ndi funso limodzi: kodi zimaona bwanji mmene munthuyo amakhalira ndi anzake, ndipo zimachitapo chiyani? Madokotala a matenda a maganizo nawonso masiku ano akuyambira pomwepo. Buku latsopano la mayina a matenda la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, lotchedwa ICD-11, linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2022. M'buku lakale, mavuto okhazikika a khalidwe, amene iwo amati personality disorder, anali m'magulumagulu: uyu wokayikira anthu, uyu wodzipatula, uyu wopanda chisoni. Buku la madokotala a ku America, DSM-5 la 2013, likadali ndi magulu 10 otere. Chovuta chinali chakuti wodwala mmodzi ankakwanira m'magulu atatu nthawi imodzi, wina osakwanira bwino m'gulu lililonse. ICD-11 inachotsa maguluwo, n'kungosiya chizindikiro chimodzi chotchedwa borderline (cha munthu woopa kusiyidwa, wa mtima wosinthasintha msanga, amene nthawi zina amadzipweteka), ndipo inaika patsogolo zinthu ziwiri. Choyamba, munthuyu amadziona bwanji ndipo amadzilamulira bwanji. Chachiwiri, kodi amatha kumanga ubale, kuusunga, kumva maganizo a mnzake ndi kuthetsa mkangano? Kenako dokotala amayeza ngati vutolo ndi laling'ono, lapakati kapena lalikulu. Liyenera kukhala litatha zaka 2 kapena kuposerapo, likuoneka m'malo osiyanasiyana. Kafukufuku wophatikiza mayiko ambiri amene anatuluka mu 2020 anapeza kuti anthu pafupifupi 8 mwa 100 alionse ali ndi vuto lotere, choncho si nkhani ya mudzi umodzi ayi.

Tiyerekeze anthu atatu, chifukwa njira yabwino kwa mmodzi ikhoza kupweteka wina.

Woyamba ndi mayi wogulitsa tomato pamsika wa Kapata. Mnzake watsopano amamukonda mopyola, kumugulira chitenje, kumuululira za kuchipinda zomwe. Mnzakeyo akangolephera kuyankha foni tsiku limodzi, wasanduka mfiti. Chilimba walowa n'kutuluka kangapo, ukwati ndi wachitatu, ndipo mwamuna akatchula zopita ku Lusaka kukaoda katundu, iye amalira n'kuopseza kuti adzipha. Achemwali ake akuti anayamba zimenezi akali mtsikana.

Wachiwiri ndi mkamwini wa ku Katete, kale munthu wanthabwala. Bambo ake anamwalira, chimanga n'kupsa ndi chilala cha 2024, ngongole ya feteleza n'kutsala. Tsopano sadyera limodzi ndi alamu ake, kumaliro sapita, amakhala kudimba mpaka mdima. Apongozi akuti wayamba mwano.

Wachitatu ndi mnyamata wa zaka 22 wonyamula anthu panjinga m'tauni. Miyezi iwiri yapitayi wayamba kukana nsima ya amayi ake kuti aikamo mankhwala, ndipo akuti anzake a pasiteji akumunena pa wailesi.

Onse atatu tingati sakugwirizana ndi anthu. Koma funsani kuti zinayamba liti, ndipo amachita zimenezi ndi ndani. Mayi uja ndi mmene wakhalira kuyambira kale, ndi aliyense amene wamuyandikira: apa ndi pamene madokotala amaganizira za vuto lokhazikika la khalidwe. Mkamwini uja anasintha zitamugwera zinthu, ndipo zikufanana kwambiri ndi matenda a kuvutika maganizo, depression. Mnyamata uja wasintha mwadzidzidzi, akukhulupirira zinthu zomwe palibe, ndipo ameneyo ndi wodwala wofuna chipatala sabata yomwe ino.

Ankhoswe ndi akuluakulu a banja

Mphamvu ya ankhoswe ndi yoti amamva mbali zonse ziwiri, ndipo anthuwo amawadziwa kuyambira ali ana. Dokotala amaona munthu mmodzi kwa mphindi zochepa. Amalume, eni mbumba, aona mphwawo akukangana ndi aphunzitsi, ndi mwamuna woyamba, ndi wachiwiri. Mbiri imene ICD-11 ikufuna ili m'mutu mwawo. Mtengo wake ndi nkhuku ndi ufa, nthawi zina ndi ndalama ya basi.

Nkhoswe yanzeru imaonanso chinthu chimene akatswiri anachilemba mochedwa. Mu 1957 katswiri wa maganizo wa ku America, Timothy Leary, anaonetsa kuti khalidwe la munthu kwa mnzake lingayezedwe pa zinthu ziwiri, kulamula kapena kugonja, ndi kuyandikira kapena kukankha. Amene anabwera pambuyo pake anaona kuti khalidwe limaitana linzake: ukali umaitana ukali kapena kuthawa, wolamula amaitana kugonja, wongodalira amaitana womulamulira. Taonani mmene zimayendera kunyumba kwa mayi wa tomato uja. Mwamuna wachedwa ndi theka la ola.

"Munali kuti?"

"Ku Saturday Market, amayi, ndimadikira munthu wa ngongole."

"Bweretsani foni."

Amapereka. Koma mawa lake, asanalowe m'nyumba, amayamba wafufuta mauthenga onse, ngakhale a mlongo wake, kuopa phokoso. Mkazi apeza foni ili mbee, mtima uli phaphapha, ndiye kuti pali chobisika. Mkuja bamboyo amachedwa dala kuti akapeze atagona. Chimene mayiyu amaopa kwambiri ndi kusiyidwa, ndipo tsiku ndi tsiku iye ndi mwamuna wake akuthandizana kukukokera pafupi. Nkhoswe ikatha kuonetsa awiriwa mzungulire umenewu, popanda kuloza chala, yagwira ntchito imene mlangizi wophunzira angatenge milungu kuti aifike.

Vuto ndi loti bwalo la ankhoswe linapangidwira mlandu. Limafuna wolakwa, kupepesa, mwina chindapusa, ndipo zonse zithe tsiku limodzi dzuwa lisanalowe. Mkangano wa ndalama ya fodya kapena wa munda umatha choncho. Khalidwe la zaka 20 silitha choncho. Mukamukhazika mayi uja pamphasa, anthu asanu ndi mmodzi n'kumamuwerengera zolakwa, iye sakumva malangizo. Akumva kuti onse amukana, ndipo usiku womwewo ukhoza kukhala woopsa. Mkamwini uja naye ali pamudzi pa eni ake, abale ake ali kutali. Akamuzenga mlandu wa mwano adzangoti "ndamva, ndalakwa," n'kubwerera kudimba ali chete kuposa kale. Koma nkhoswe yake ikapita yokha kudimbako, n'kukhala pansi n'kufunsa za malemu bambo ake ndi za ngongole ija, ndiye kuti thandizo layamba. Kwa mnyamata wa njinga, bwalo ndi kutaya masiku.

Pali chinanso choti tinene mosabisa. Si aliyense wotchedwa wovuta amene ali ndi vuto. Mkazi wa ku chitengwa amene amakana kumenyedwa, kapena mkamwini wokana kulimira apongozi chaka chonse osapatsidwa kanthu, amatchedwa ovuta ndi anthu amene akupindula ndi kugonja kwawo. ICD-11 yomwe imachenjeza kuti khalidwe limene likufotokozeka ndi chikhalidwe cha anthu kapena ndi mmene munthuyo akukhalira lisatchedwe matenda. Pamene pali kumenya, malangizo oti banja ndi kupirira alibe malo. Lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la 2011 lilipo, kupolisi kuli Victim Support Unit, ndipo nambala za foni zopemphera thandizo, 933 ndi 116 ya ana, ndi zaulere.

Kutchalitchi

Kuno mipingo inazika mizu kalekale. A Dutch anafika ku Magwero mu 1899, a Anglican ali ku Msoro, a Seventh-day ku Mwami, Akatolika ali ndi miphakati mudzi ndi mudzi, osanena za mipingo ya Pentekosite imene yadzaza makalasi a sukulu Lamulungu lililonse. Chimene tchalitchi chili nacho, chomwe chipatala sichingapereke, ndi anthu okumana nawo sabata ndi sabata: kwaya, chigwirizano cha amayi, gulu la abambo, oyendera odwala. Kwa munthu wodzipatula ngati mkamwini uja, mkulu wa mpingo womutenga Lachinayi lililonse kuti akathandize kufolera nyumba ya agogo ena akumubwezera pakati pa anthu pang'onopang'ono, popanda kumufunsa mafunso ambiri. Ngakhale mayi wa tomato angapindule ndi gulu limene silimuthamangitsa akakwiya ndiponso silimulola kulamulira onse.

Koma muzisiyanitsa abusa amene amakhala pansi n'kumvetsera ndi aneneri a usiku umodzi. Mukati mkwiyo ndi chiwanda, ndiye kuti ukatuluka Lachisanu usiku, Loweruka munthu akhale wina. Lolemba akakangananso ndi mnzake wa pamsika, amauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, ndipo wasenza mtolo wachiwiri pamwamba pa woyamba. Choopsa kwambiri ndi kuuza wodwala ngati mnyamata wa njinga kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro. Ndipo chinsinsi chimavuta kusungika. Nkhani imene munanong'oneza abusa ikamveka m'pemphero la gulu, ngakhale dzina lisatchulidwe, aliyense wadziwa, ndipo munthu amene kale sankakhulupirira anthu wapeza umboni.

Kwa sing'anga

Anthu sapita kwa sing'anga chifukwa cha umbuli. Kumeneko amakupatsani nthawi, amalola banja lonse kulowa, ndipo mumachoka ndi yankho la funso loti chifukwa chiyani ife. Ku Lundazi ndi ku Chama, vimbuza vya Atumbuka, zimene UNESCO inazilemekeza mu 2005, zimasonkhanitsa mudzi kuzungulira wodwala usiku wonse, ndipo mkazi amene sakanatha kudandaula pamaso pa apongozi amapeza mpata womveka. Zimenezo sindizinyoza.

Chimene chimandichititsa kuika njira imeneyi pansi pa zonse ndi chakuti ula nthawi zambiri umatchula munthu: azakhali, mkazi mnzake, woyandikana naye pamsika. Munthu amene vuto lake ndi kukayikira anthu mwamupatsa dzina loti alikayikire, ndipo kwa mnyamata wokana nsima uja kuli ngati kuthira petulo pamoto. Mayi wa tomato adzachoka atatsimikiza kuti mnzake uja analidi mfiti, ndipo mwayi woti adzifunse za mbali yake watha. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandunso pa lamulo la Zambia. Onjezani mbuzi, nkhuku ndi makwacha, ndi miyezi imene matenda akukula.

Chipatala ndi mapiritsi

Munthu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, khomo loyamba ndi ili, musachite kukambirana. Zinthu zambiri za m'thupi zimavala nkhope ya khalidwe loipa: malungo ofika kumutu, HIV ndi chindoko zikafika ku ubongo, kuvulala mutu pangozi ya njinga yamoto, khunyu, kachasu, chamba. Ofufuza apeza kuti ku Katete ndi ku Petauke nyongolotsi ya nkhumba ndi yofala, ndipo ikakhazikika mu ubongo imayambitsa khunyu. Palibe nkhoswe kapena mbusa amene angazione zimenezi ndi maso. Wachikulire amene wayamba kutukwana ndi kunamizira adzukulu kuba, pamene kale sanali choncho, nayenso ndi wa kuchipatala, asanatchedwe mfiti.

Mumayambira pakiliniki yapafupi, iwo n'kukutumizani kuchipatala cha boma, ku St Francis ku Katete, kapena ku Chipata Central kumene kuli chigawo cha matenda a maganizo. Amene mudzakumane nawo kawirikawiri ndi a clinical officer ndi anamwino ophunzira za maganizo. Madokotala akuluakulu a matendawa ndi ochepa m'dziko muno ndipo ambiri ali ku Lusaka, kumene kuli chipatala cha Chainama chomwe chinatsegulidwa mu 1962, mtunda wa makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road. Anthu ambiri safunika kukafika kumeneko. Lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa la atsamunda, limateteza wodwala kuti asanyozedwe kapena kuchitidwa nkhanza, choncho kumanga munthu pamtengo ndi unyolo si chisamaliro.

Kwa mnyamata wa njinga, mankhwala monga haloperidol kapena chlorpromazine amachepetsa mawu omveka m'mutu ndi mantha aja, ndipo kuyamba msanga kumathandiza kuti achire bwino. Akayamba kuuma khosi, kunjenjemera kapena kutuluka dovu, bwererani naye akasinthe mlingo kapena kuwonjezera mankhwala ena, musangosiya. Kwa mkamwini, amitriptyline kapena fluoxetine angathandize ngati matendawo akula, koma amatenga milungu ingapo kuti ayambe kumveka, ndipo amamwedwa miyezi yambiri ngakhale munthu atayamba kupeza bwino. Mapiritsiwo sabweza malemu, salipira ngongole, sakambirana ndi apongozi. Amangomupatsa mphamvu yoti ayambe kuzikhudza nkhanizo.

Kwa mayi wa tomato ndi pamene chipatala chimaperewera. Palibe piritsi lochiza khalidwe lokhazikika. Bungwe lolangiza zipatala za ku Britain, NICE, linanena mu 2009 kuti mankhwala asamaperekedwe pofuna kuchiza borderline yeniyeniyo, koma pa matenda ena amene angabwere nayo limodzi. Komabe pamzere wa anthu 40, chimene wachipatala angathe kupereka m'mphindi zisanu ndi mapiritsi, ndipo mayiyo amabwerera ndi ogonetsa amene sasintha kanthu pakati pa iye ndi mwamuna wake. Pali ngozinso: amitriptyline akamwedwa wambiri nthawi imodzi amapha, choncho munthu amene anaopsezapo kudzipha asasunge yekha mankhwala a mwezi wonse. Asunge m'bale.

Mukapita, tengani munthu amene wamudziwa wodwalayo kwa zaka zambiri, ndipo musangonena kuti sagona, mutu umamupweteka. Nenani za maukwati, za chilimba, za anzake amene anasiyana nawo, zinayamba ali ndi zaka zingati. Popanda mbiri imeneyi wachipatala alibe poyambira. Ndipo mwana wa zaka 15 amene akulimbana ndi makolo musathamangire kumupachika dzina la matenda, chifukwa msinkhu umenewo uli ndi phokoso lake.

Kukambirana ndi mlangizi wophunzira

Iyi ndiyo njira imene inapangidwira vuto lenilenilo, ndipo ndiyo yosowa kwambiri. M'zaka za m'ma 1970 Gerald Klerman ndi Myrna Weissman ku America anakonza uphungu wotchedwa IPT, umene sufufuza kwambiri za ubwana. Umafunsa kuti kuvutika maganizoku kukugwirizana ndi chiyani mwa zinthu zinayi: imfa ya wokondedwa, mkangano ndi munthu wofunika, kusintha kwakukulu kwa moyo, kapena kusungulumwa. Mkamwini wathu ali nazo pafupifupi zonse. Mlangizi angamuthandize kulira maliro amene sanalire bwino chifukwa anathamangira kumunda, kenako kuyeserera naye mawu oti akanene kwa apongozi: "Amayi, sikuti ndikukunyozani. Chimwalirire bambo, mtima wanga sunakhale m'malo, ndipo ngongole ija ikundisowetsa tulo." Kwa mkamwini amene mwambo umamuletsa kucheza momasuka ndi apongozi, mwina mawuwo akadzera kwa mkazi wake kapena kwa nkhoswe, ndipo mlangizi wabwino amadziwa zimenezo.

Njirayi inayesedwa m'midzi yofanana ndi yathu. Ku Uganda, m'maboma a Masaka ndi Rakai, magulu a amuna paokha ndi akazi paokha ankakumana kamodzi pa sabata kwa milungu 16, motsogozedwa ndi anthu a komweko ophunzitsidwa kwa milungu iwiri yokha. Zotsatira zinatuluka mu 2003, ndipo kuvutika maganizo kunatsika kwambiri poyerekeza ndi midzi imene kunalibe magulu. Mu 2016 WHO inatulutsa ndondomeko ya IPT ya pagulu ya misonkhano 8, ndipo bungwe la StrongMinds linayamba magulu otere muno mu Zambia mu 2019. M'makomboni a Lusaka munayesedwa uphungu wina wotchedwa CETA pa mabanja amene munali mowa ndi kumenyana, ndipo zotsatira za mu 2020 zinaonetsa kuti zonse ziwiri zinachepa. Ku Harare, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kulangiza anthu pabenchi kunja kwa kiliniki. Zonsezi zikuonetsa kuti thandizo lotere silidikira dokotala wamkulu.

Mayi wa tomato akufuna chotalikirapo. Marsha Linehan anakonza njira yotchedwa DBT, imene imatenga pafupifupi chaka: munthu amaphunzira kupirira mtima ukatentha osadzipweteka, kutchula chimene akumva, kupempha chinthu popanda kuopseza, ndi kukana popanda kuthetsa ubale. Imathandiza, koma imafuna alangizi ophunzira mwapadera, ndipo kuno ndi osowa. Alangizi ambiri a m'makiliniki athu anaphunzira za kuyezetsa magazi ndi kumwa ma ARV. Ndi anthu odziwa kusunga chinsinsi, koma funsani ngati angathe kukumana nanu mobwerezabwereza, tsiku lodziwika. Kwa munthu woopa kusiyidwa, mlangizi mmodzi yemweyo amene amapezeka pa tsiku limene analonjeza, mwezi ndi mwezi, ndi theka la mankhwala kale. Wosinthasintha angamuwonjezere bala.

Chiyembekezo chilipo, ngakhale chili ndi malire ake. Mary Zanarini ndi anzake ku America anatsatira odwala borderline 290 kwa zaka 10. Oposa 90 mwa 100 zizindikiro zinawachoka kwa zaka 2 kapena kuposerapo, koma ndi theka lokha limene linafika pokhala ndi ubale wabwino komanso ntchito yokhazikika. Kudzipweteka ndi kuopseza kumayamba kutha, kukhala bwino ndi anthu kumachedwa. Choncho abale amene akuti "wasiya kukuwa koma akadali wovuta" asaganize kuti palibe chachitika.

Mbali ya ife a pakhomo

Njira iliyonse imene mungasankhe, munthuyo amabwerera kunyumba, ndipo mmene timamulandirira zimasintha matendawo. Ku London, George Brown ndi anzake, kenako Christine Vaughn ndi Julian Leff mu 1976, anatsatira odwala schizophrenia, matenda amene munthu amamva mawu kapena kukhulupirira zinthu zomwe palibe, atatuluka m'chipatala. Mwa obwerera kunyumba zodzudzula kwambiri, zaukali, kapena zowalondalonda mopyola, pafupifupi theka anadwalanso m'miyezi 9. Mwa obwerera kunyumba zodekha, odwalanso sanafike mmodzi mwa asanu. Banja silinayambitse matendawo, koma mawu a tsiku ndi tsiku amawadzutsa. Mnyamata wa njinga akatuluka, amayi ake akamamuuza m'mawa uliwonse kuti "anzako akumanga nyumba, iwe uli gone," akumubweza kuchipatala. Akamamuletsa ngakhale kupita kugolosale yekha, chimodzimodzi.

Kwa wa khalidwe lokhazikika, chofunika ndi kuti abale mugwirizane chimodzi. Zimavuta pamene achemwali amamupatsa chilichonse akalira, achimwene n'kumamutukwana, amalume n'kumuthawa. Sankhani zimene mungathe ndi zimene simungathe, munene mtima uli pansi, ndipo mawa zikhale zomwezo. Mwamuna angathe kunena kuti, "Ndikupita Lachiwiri, ndibwera Lachinayi, ndidzaimba 7 koloko madzulo alionse, koma foni yanga sindipereka," n'kuimbadi 7 koloko. Mawu oti ndidzipha musawatenge ngati sewero, ngakhale atanenedwa kakhumi. Anthu a vuto limeneli amadziphadi kuposa anthu ena. Chotsani mankhwala a mbewu ndi a ziweto m'nyumba, pakhale munthu naye, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali mtundu wina umene sindinauike pa anthu atatu aja, ndipo njira zonsezi zimaulephera kawirikawiri. Ndi munthu amene kuyambira ali mnyamata amanama mosaphethira, amagulitsa mbuzi za amayi ake, amamenya, ndipo chisoni chake chimaoneka pokhapokha wagwidwa. Pabwalo la ankhoswe amalankhula bwino kuposa wodandaula. Kutchalitchi amalapa mokweza. Kwa mlangizi amaphunzira mawu atsopano okanyengera nawo mkazi wake. Umboni woti uphungu umasintha anthu otere ndi wochepa, kupatula kuwathandiza kusiya mowa ndi chamba, kapena kuyamba nawo akali ana pophunzitsa makolo kalereledwe. Apa banja liyambe ladziteteza. Nambala yachinsinsi ya mobile money isinthidwe, makalata a munda ndi a nyumba asungidwe kwa m'bale wina, ana asamasiyidwe naye okha, ndipo akamenya munthu nkhani ipite kupolisi, wovulalayo akatenge lipoti la kuchipatala mabala asanapole.